Kapiritsi ndi Dzanja la Shiferaw

Pa zaka makumi atatu ndi zinayi za banja lawo, Shiferaw anamudyetsa Aselefech ndi dzanja lake kawiri kokha: tsiku la ukwati anthu akuyang'ana, ndi tsiku lina la Pasaka atalawa pang'ono. Sikuti anali wankhanza, ayi. Ankayendetsa malole a katundu pa msewu wa ku Djibouti, ndipo kunyumba ku Debre Markos ankangobwera kudzachapitsa zovala ndi kugona. Amuna a anzake a Aselefech ankang'amba injera, buledi wawo wopyapyala uja, kukulungamo ndiwo zabwinozo, n'kuika nthongo yachikondi yotchedwa gursha mkamwa mwa akazi awo alendo akuona. Wakeyu ankadya ataweramira m'mbale, maganizo ali pa matayala. Aselefech ankachita nsanje, koma sankanena.

Shiferaw atapuma pantchito, ana onse atasamukira ku Addis Ababa, Aselefech anayamba kuzizidwa. Dzuwa lili pamutu iye ali mbuu m'bulangete. Nkhope inatupa, tsitsi linkatsalira m'chipeso, mawu anasasa, ndipo tulo tinkamugwira paliponse, ngakhale ataimirira kutchalitchi. Kuchipatala anamutenga magazi n'kumuuza kuti chithokomiro chake, kachiwalo kapakhosi, chachita ulesi. Dokotala Lemlem, mtsikana wamsinkhu wa mwana wake wotsiriza, anamulembera timapiritsi toyera, tochepa ngati mphodza.

"Emama, mvetserani," anatero. "M'mawa mukangodzuka, m'mimba mulibe kanthu, mumwere madzi okha. Mukatero mudikire ola lathunthu. Osadya, osamwa khofi, mkaka osayerekeza. Mukaphatikiza ndi chakudya, thupi limangotolako pang'ono, ena onse amapita pachabe."

Anabwereza katatu. Aselefech anali yekha tsiku limenelo, chifukwa mwamuna wake anali kumaliro, koma anamva zonse bwinobwino.

M'mawa mwake anakhala tsonga pabedi, kapu ya madzi ili m'dzanja. Shiferaw anatulukira pakhomo la kuchipinda.

"Iwe Aselu, ukutani?"

"Ndikumwa mankhwala."

"Usanadye? Ukufuna kuboola m'mimba? Chilonda changa cham'mimbachi ndinachitenga choncho, kumeza mapiritsi a mutu pamsewu m'mimba muli pululu. Bweretsa kuno."

Anamulanda kapiritsi kaja n'kupita kukhitchini, bambo amene sankadziwa pokhala mchere m'nyumba yake yomwe. Kunamveka kugwa kwa zivindikiro. Anafunsa mokuwa kumene kuli batala, kenako kumene kuli machesi, kenako anatukwana anyezi. Patapita nthawi anabwera ndi firfir, injera ya dzulo yonyenyanyenya mumsuzi wa tsabola, yopserera mbali imodzi. Anasamba m'manja, n'kukhala m'mphepete mwa bedi, n'kuyamba kukulunga mosamala. Aselefech anatsegula pakamwa kuti anene zimene dokotala ananena, ndipo chakudya chinalowa mawu asanatuluke.

Gursha sakana, ndiponso sapereka kamodzi kokha. Inabwera yachiwiri, inabwera yachitatu. Mchere unali wa banja lonse. Atatha, Shiferaw anamupukuta pakona pa mlomo ndi chala chachikulu, chala chokakala cha munthu amene wagwira chiwongolero moyo wake wonse, ndipo Aselefech misozi inangotsika.

"Tsabola wachuluka eti?"

"Wachuluka pang'ono."

"Mawa ndichepetsa. Imwa khofi uyu, kenako mankhwala ako."

Anamwa khofi, n'kumezera kapiritsi pamwamba pake. Mumtima anati mawa amuuza.

Mawa lake Shiferaw anachepetsadi tsabola, ndipo anali wonyadira kwambiri moti kumuuza kukanakhala kumuthira madzi ozizira. Mkucha wake anaphika phala la balere, pakati ataboola kadzenje ka batala, monga amachitira kwa mayi wongobereka kumene. Sabata inatha. Aselefech anaganiza zodzuka mbandakucha n'kumwa mobisa, koma matendawa amaiwalitsa, ndipo tsiku lina atamwa kawiri Shiferaw anatenga timapiritsi tonse n'kutsekera m'kachitini kamene ankasungiramo mapepala a lole. Kuyambira pamenepo ankapereka yekha, kamodzi pa tsiku, chakudya chitakhazikika bwino m'mimba. Pa nkhani ya ndondomeko munthuyu sankaseka ndi aliyense.

Fantaye, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, anaona utsi wa m'mawa uliwonse n'kusuzumira pampanda.

"Akwati mwadzuka bwanji kumeneko?" ankatero. "Aselefech, matenda akowo unagula kuti? Undigulireko, mwina wanga uja n'kudziwa njira ya kukhitchini."

"Usiye zimenezo iwe."

"Ndisiye bwanji? Ife amuna athu akamatidyetsa ndi pa chikondwerero, alendo akuona. Iwe Lachiwiri wamba, chitseko chotseka."

Aselefech ankaseka n'kubisa nkhope mu netela, nsalu yake yoyera yofunda. Zinkamukomera, tisaname. Pa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri anali mkazi wochitiridwa nsanje, ndipo ankadziwa bwino kuti Shiferaw ndi munthu wotani. Ukamuuza kuti walakwitsa chinthu, sakangana, amangochisiya osadzachikhudzanso. Anamuuzapo kamodzi kuti nsapato zimene anamugulira ku Dire Dawa zikumuthina, ndipo kuyambira chaka chimenecho sanamugulirenso kanthu kovala. Akanamuuza kuti chakudya cha m'mawachi n'chimene chikufooketsa mankhwala, mwamunayo akanatuluka m'khitchini osabwereramonso. Aselefech ankaopa zimenezo kuposa kuzizidwa.

Koma thupi silinyengeka. Patatha milungu isanu ndi umodzi magazi anaonetsa kuti zinthu zangosuntha pang'ono, ndipo Dokotala Lemlem anawonjezera mlingo. Patatha ina isanu ndi umodzi anawonjezeranso.

"Emama, mukumwa monga ndinanenera?"

"Tsiku lililonse, mwana wanga. Sindiphonya."

Silinali bodza lenileni, koma anatuluka m'chipindamo ali ndi manyazi.

Mwezi wachisanu, masana ena akuphika injera, anakhala pakampando kudikira kuti ipse, n'kuwodzera. Nsonga ya netela inagwera pamoto. Anadzidzimuka atanyowa thupi lonse, Shiferaw ataimirira ndi beseni lopanda kanthu, nsalu itapsa mpaka m'chigongono. Aselefech sanapse paliponse. Mwamunayo anakhala pansi pomwepo, pamatope.

"Ndikanakhala kuti ndapita kumsika," anatero, osamaliza. Kenako anakwiya, chifukwa amuna ngati iye mantha amawatulutsa choncho. "Mawa tipitira limodzi kwa dokotala wakoyo. Ndikamufunse mwana ameneyo ngati akukupatsa mankhwala kapena choko."

Mawa lake Shiferaw anavala jekete ya kutchalitchi, kachitini kali m'khwapa. Pa benchi ya chipatala ankayeserera mawu ake chamumtima, milomo ikugwedera. Aselefech anakhala pambali pake. Kawiri konse anamugwira mkono kuti amuuze, ndipo kawiri konse Shiferaw anati, "Usaope, ndiyankhula ndine."

Atalowa, sanadikire n'komwe kupatsidwa mpando.

"Dokotala, ine sindinapite patali ndi sukulu, koma galimoto ukaithira mafuta miyezi isanu osalira, umafunsa amene akukugulitsa mafutawo. Mayi awa dzulo akanapsa."

Dokotala Lemlem anamvetsera nkhani ya moto mpaka kumapeto, nkhope itasintha.

"Gashe Shiferaw, bambo anga, khalani pansi. Mankhwalawa amamwa nthawi yanji?"

"Ndimawapatsa ndine, ndi dzanja langali." Anatsegula kachitini, n'kuonetsa pepala limene ankachongapo masiku. "Palibe tsiku lodumpha. Choyamba adye, akhute. Kenako khofi, nthawi zina mkaka wotentha. Akatero ndiye kapiritsi. M'mimba mopanda kanthu sindilola, ndikudziwa zimene zimachitika."

Dokotala anaika cholembera pansi pang'onopang'ono. Sanayang'ane bamboyo, anayang'ana mayiyo.

"Emama, kapena sindinafotokoze bwino tsiku lija? Mwinanso munaiwala. Matendawa amaiwalitsa, si mlandu."

Mtsikanayo ankamutsegulira njira yothawira, ndipo Aselefech anaiona. Akanangoti anaiwala, nkhani ikanathera pomwepo, aliyense n'kumumvera chisoni. Koma anali atatopa ndi kubisa, ndipo mwamuna amene anali pambali pake anali atabwera kudzakalipira mwana wosalakwa.

"Unafotokoza bwino, mwana wanga. Katatu. Sindinaiwale."

Dokotala anafotokozeranso Shiferaw zonse, za madzi okha ndi za ola lathunthu, nati mankhwala awa si ngati a mutu, m'mimba saboola. Anati achepetsa mlingo, chifukwa akayamba kumwa moyenera uja wawonjezedwa kawiriwu ukhoza kuchuluka n'kuthamangitsa mtima, ndipo abwerenso patatha milungu isanu ndi umodzi. Shiferaw ankangogwedeza mutu. Anatseka kachitini, n'kuimirira, n'kuwerama.

"Pepani, dokotala. Ndinabwera ndi mawu oipa."

Sanakwere bajaji, kagalimoto kamatayala atatu kaja, pobwerera. Anayenda wapansi, mwamuna patsogolo, mkazi pambuyo, ndipo pachitunda cha pafupi ndi chigayo Shiferaw anaima kumudikira, osatembenuka.

"Ndiye kuti miyezi isanu ndakhala ndikukudwalitsa ndine."

"Simunkadziwa."

"Iwe unkadziwa. Bwanji osanena? Ndine chilombo ine?"

Aselefech anapuma kaye, chifukwa chitundacho chinamutha mphamvu.

"Ndinkaopa kuti musiya."

"Kusiya chiyani?"

"Kundidyetsa." Anachita manyazi ngati kamtsikana, koma anapitiriza. "Zaka zonsezi ndakhala ndikuonera kwa anzanga, Shiferaw. Zitabwera kwa ine, ndinati kuzizidwa ndipirira. Ndinalakwa, ndikudziwa. Koma mukandifunsa ngati firfir wanu wamchere uja ndikudandaula naye, sindikudandaula."

Shiferaw anayang'ana kuchigayo nthawi yaitali, ngati pali chachilendo chimene chikuchitika kumeneko. Kenako anati, "Tiye." Madzulo anadya ataweramira m'mbale, monga kale. Aselefech anaona zimenezo ndipo mtima unamupweteka, chifukwa anadziwa kuti zimene ankaopa zija zafika.

Kutacha, kukhitchini kunali zii. Kunalibe kugwa kwa zivindikiro, kunalibe fungo la anyezi. Shiferaw analowa ndi kapu ya madzi ndi kapiritsi pachikhatho. Aselefech anamwa, n'kubweza kapu, n'kukokera bulangete kumapewa, kudikira kuti amve chitseko chakunja chikutsekedwa.

Mwamunayo anakoka mpando. Anavula wotchi n'kuiika pabulangete, pakati pawo.

"Ola lathunthu, akuti."

"Inu kadyeni, musandidikire."

"Ndidye ndekha iwe ukundiyang'ana? Anyezi ndadula kale, ali m'mbale. Theka la ola likakwana ndikayatsa moto." Anakanda chibwano. "Wamchere, eti? Miyezi isanu osandiuzanso zimenezo."

Aselefech anaseka, ndipo kusekako kunatuluka ndi misozi yomwe. Nthawi ino panalibe tsabola womunamizira, ndipo Shiferaw sanafunse.

Anakhala choncho, anthu awiri okalamba, opanda chodya, opanda chochita ndi manja. Pa zaka zonse zija anali asanakhalepo chonchi. Shiferaw anayang'ana wotchi, mphindi zinayi zokha zinali zitapita. Anayang'ana denga, anayang'ana zala zake. Kenako anakonza kukhosi.

"Aselu, ine ndikakhala pamsewu muja, unkadya ndi ndani?"

"Ndi ana."

"Ana atapita?"

"Ndekha. Kukhitchini, choimirira."

"Choimirira?"

"Munthu mmodzi n'kuyala tebulo? Ndinkangotsina pang'ono n'kutsuka mbale."

Shiferaw anasisita bondo lake.

"Ndiuze," anatero. "Yambira chaka chimene ndinatenga lole yoyamba ija. Unali ndi mimba ya Wubalem."

"Zimenezo n'zambiri, bambo. Ola limodzi sizingakwane."

"Dokotala uja anati mankhwalawa umwa mpaka liti?"

"Anati moyo wonse."

Shiferaw anasendeza mpando kufupi ndi bedi, n'kulowetsa dzanja m'bulangete, n'kugwira mapazi ake ozizira aja.

"Basi, usathamange," anatero. "Fotokoza bwinobwino."