Kugogoda kwa Amake Nancy

Mwera ukawomba sabata yathunthu, amuna a pa dooko nzeru zimawathera. Maboti ali pamchenga, maukonde asokedwa kale, ndiye chotsala n'kukhala m'shedi ya usipa n'kumataya zinthu za eni ake. Enifa, amake Nancy, ankazidziwa zimenezi, koma sankaganiza kuti tsiku lina chotayidwacho chidzakhala injini ya boti ya malemu amuna ake.

Injiniyo ndi imene inkadyetsa ana. Ankaibwereketsa kwa asodzi, iwo n'kumamupatsa gawo la usipa. Mlamu wake Jailosi anaitenga pakati pa sabata, akuti akaionetse kwa makaniko. Loweruka m'mawa mayi wina wogulitsa zitumbuwa anamupeza Enifa pa mjigo n'kumunong'oneza kuti athamangire kushedi, injini ili kumeneko, ndipo makaniko kulibeko.

Ndowa anaisiya pomwepo.

Anawapeza atazungulira chitseko chakale chimene anachigoneka pa madiramu awiri kuti chikhale tebulo. Injini anaitsamiritsa pa nsanamira. Pachitsekopo panali makhadi ndi mulu wa zitsekerero za mabotolo. Masewerawo ankawatcha pokala. Anabwera nawo aphunzitsi a Mapopa, a ku Rumphi, amene anawaphunzira pa foni, ndipo ndiwo ankagawa makhadi. Ena onse anali atagonja, kutsala awiri: Jailosi, ndi a Christopher ogula usipa a ku Khombedza, munthu amene anabwera kudzafunsa mtengo wa injiniyo anthu asanabalalike n'komwe pamaliro.

Enifa sanapereke moni. Anamugwira Jailosi pakolala n'kumuzula pabenchi ngati chinangwa. Anamuuza zonse zimene anamusungira, za ulesi wake, za ludzu lake, za manja ake osadziwa nkhafi, kenaka anati akutenga injini yake. A Mapopa anayankha mwaulemu kuti singachoke masewera ali pakati, chifukwa mbali ina yalowa kale. Amuna onse anavomereza, ena n'kuima kutchinga njira.

Mbali ina? Injini ili ndi mbali ngati nyama ya mbuzi? Anamufotokozera kuti Jailosi anaigawa m'zitsekerero. Zimene zili pakati ndi thanki ya mafuta ndi pulopela. Zimene zatsala pamalo pa Jailosi ndi injini yeniyeniyo. A Christopher nawonso anagawa njinga yawo yamoto chimodzimodzi. Enifa anayang'ana injini, anayang'ana tizitsulo tadzimbiri tija, mutu n'kuyamba kumuwawa. Pulopela ali apo, womangidwa bwinobwino, koma anthu akuluakulu a ndevu zawo akulumbira kuti ali pachitseko.

Enifa anakhala pabenchi kuti galu uja Jailosi asakhaleponso. A Mapopa anati basi, wakhalapo ndiye mwini makhadi, n'kumukankhira awiri. Anawatembenuza pachifuwa. Limodzi linali la mfumu ya ndevu, linalo la tizinthu takuda. Pakati panali makhadi asanu oyang'ana kumwamba, pamodzi ndi mfumu ina yofanana ndi yake. Jailosi anasuzumira paphewa pake n'kupuma mwamphamvu ngati waona chambo.

Apo a Christopher anagogoda chitseko kawiri ndi chala, maso ali pa Enifa, akumwetulira.

Enifa thupi lonse linamutentha. Mwamuna kugogoda chitseko, maso ali pa mkazi wamasiye, pamaso pa anthu, dzuwa likuswa mtengo. Amuna ake chaka sichinathe ali m'manda.

“Agogoda, ndiye kuti achita cheke,” anatero a Mapopa. “Tsopano ndi inu, amake Nancy. Cheke, kapena mubetcha?”

Enifa anati cheke alibe. Amuna ake anamwalira opanda buku la kubanki, ndipo ngati pali wina amene wakhala akulemba macheke m'dzina la wakufa, amutchule pompano. Shedi yonse inaphulika ndi phwete. A Mapopa anapukuta magalasi n'kuyamba monga amachitira ndi ana a sitandade fo. Cheke ameneyu si wa kubanki, ndi kunena kuti sindiwonjezera kanthu, tionetsane makhadi basi. Kubetcha ndi kukankhira zitsekerero zina pakati, mnzako avomere kapena athawe. Anawonjezera kuti pa khadi lomaliza munthu azidzifunsa kuti ndikabetcha avomere ndani. Wa makhadi ofooka amathawa, supindula kanthu. Wovomera nthawi zambiri ndi amene wakuposa.

A Christopher anati aphunzitsi akaphunzitse Lolemba, lero azingogawa.

Enifa sanatolepo kanthu. Wothawa ndani, poti onse akhala pansi? Ndipo wokuposa avomera chiyani? Khutu lina Jailosi analidzaza ndi mpweya wa kachasu, akuti alamu kankhani zonse, munthuyu wagogoda chifukwa cha mantha, mafumu awiri si masewera, lero tipita kwathu pa njinga yamoto. Kumbuyo wina ankati abetche, wina ankati asayerekeze, wina ankafunsa ngati akazi amaloledwa n'komwe. Mwera unkagwedeza malata. Kwa kanthawi Enifa anaiona njingayo ili pakhomo pake ikugwira kabaza, ana akudya kawiri. Kenaka anaiona nsanamira ija ili yokhayokha, yopanda injini. Zonse ziwiri anaziona bwinobwino, koma njira yopita ku chilichonse sanaione.

Chimene anafuna n'kuchotsa zinyalalazo pamaso pake. Amunawo atenge tizitsulo tawoto, iye atenge chitsulo chake chenicheni. Anaika dzanja kuseri kwa mulu uja kuti aukankhire pakati. Shedi inangoti zii. A Christopher anameza malovu, ndipo poona dzanja laima, anafuna kulithandiza.

“Ine ndagogoda, mayi,” anatero monyada. “Simutsegula?”

Dzanja lija linachoka pazitsekerero n'kusanduka chibakera. Enifa anamenya chitseko, diramu n'kulira, anamenyanso kachiwiri makhadi n'kudumpha. Anati agogode kwa amawo, ndipo anali asanamalize kutchula abale onse a kwa a Christopher pamene a Mapopa anakweza dzanja.

“Agogoda kawiri. Cheke. Onetsani makhadi.”

A Christopher anaimirira, akuti kumeneko si kugogoda, n'kutukwana, dzanja linali litayamba kale kukankha. A Mapopa anati chitsekerero ngakhale chimodzi sichinasunthe, ndipo lamulo silifunsa ngati munthu wagogoda mokondwa kapena mokwiya. Amuna aja, amene anatchinga njira chifukwa cha lamulo, anavomerezanso chifukwa cha lamulo lomwelo. A Christopher anaponya makhadi awo. Onse awiri akuda a maluwa, ndipo pakati panali ena atatu a mtundu womwewo. Akuti zimenezo zimadya mafumu awiri popanda kutafuna. Kugogoda kuja unali msampha, ankadikira injini yonse.

Zimene zinatsatira ndiye zinamusokoneza Enifa kuposa zonse. Wopambana ankatukwana, akumenya mchenga ndi phazi. Iye woluza ankagwiridwa chanza, amuna akumutcha katswiri, wina mpaka kufunsa kuti anadziwa bwanji. Jailosi, amene anati akankhe zonse, ankauza anthu kuti ndiye anamutsina kuti agogode. Pomwepo wina anabwera ndi sipanala, namasula pulopela, napereka kwa a Christopher pamodzi ndi thanki. Aliyense akuti wapulumuka, koma maso ake akuona katundu wa amuna ake akumangiriridwa pa njinga ya mwini.

Anawafunsa a Mapopa kuti chilungamo chake n'chiti pamenepa. Iwo anayamba kunena za mwayi ndi masamu, iye n'kuwasiya akulankhula. Anapinda chitenje n'kupanga nkhata, nauza amuna awiri kuti amusenzetse. Injiniyo inalemera, khosi linalowa m'mapewa, mafuta akuda n'kuyamba kutsikira kumsana. A Christopher anakuwa ali pa njinga kuti injini yopanda pulopela ndi chitsulo chabe, abwere mawa adzaseweretse yotsalayo. Enifa sanathe kutembenuka chifukwa cha katunduyo, choncho anawayankha akuyang'ana kutsogolo, mawu onse, mpaka anakafika pamsewu. Jailosi anamutsatira kuti amulandire, koma Enifa anamuuza kuti akangoikhudza amuthyola zala.