Wanu Uja Watha Mano

Foni ya Mavis inalira pamwamba pa chidebe pomwe mwamuna wake, Alufandika, anali atazika mutu m'injini ya kagalimoto kake. Linali Lamulungu masana, kuseri kwa nyumba yomwe ankachita lendi ku Brakpan, ku Joni. Mwini foniyo anali atapita kwa aneba kukabwereka simbi.

Kagalimotoko kanali katagona pakhomo milungu itatu. Injini inkatentha ngati mbaula, madzi n'kumadontha pansi. Atamasula, Alufandika anapeza kuti pampu ya madzi yatha, nayenso lamba woyendetsa injini wanyenyeka. Anati akonza yekha, poti manja amene amazula zitsa m'minda ya maluwa ku Edenvale sangagonje ndi sipanala. Koma shopu iliyonse imene anafunsamo, mtengo unkamubwezera pakhomo. Disembala anali pafupi, ndipo iye adalonjeza mwana wawo Grace, yemwe ankakhala ndi azakhali ake ku Ntcheu, kuti chaka chino afika pa galimoto yawoyawo.

Anapukuta manja, nasuzumira pa foniyo. Uthenga unali wochokera kwa Wallace.

"A Mavis, chithunzi chija ndachiona. Wanu uja ndi wakale, watha mano. Akusiyani panjira ameneyo. Mukufunika watsopano, wolimba. Loweruka lija musachedwe ku Alrode, ofuna ndi ambiri."

Alufandika anayendetsa lilime pa mpata wa m'kamwa mwake. Mano awiri akutsogolo adamugulula ndi atsotsi chaka chake choyamba ku Joni. Chiyambire tsiku limenelo ankaseka dzanja lili pakamwa. Mavis ankati alibe nazo kanthu. Kani kunali kungomusangalatsa!

Wallace ankamudziwa bwino. Anali Mzambiya wa ku Chipata, woimba besi m'kwaya ya tchalitchi chawo, wa mano oyera ngati mpunga wotsuka. Tsiku lina Mavis adati, "Bwanji osafunsa a Wallace? Zagalimoto amazidziwa." Iye adayankha kuti galimoto yake si kwaya yoti ifune besi. Lero sanakumbuke zagalimotozo. Anangokumbuka m'mene dzinalo lidatulukira mofewa pakamwa pa mkazi wake.

Analemba yankho ngati walemba ndi Mavis: "Wanga yemweyu ndi wokwanira. Mano otsalawo andifikitsa kumudzi. Watsopanoyo apatseni ofunawo."

Posakhalitsa Wallace anayankha kuti, "Shapu, zili kwa inu." Alufandika anafufuta mauthenga onse, nabwezera foni pa chidebe.

Mlungu wonsewo anadya ngati mlendo. Mavis akang'ung'udza nyimbo ya kwaya potsuka mbale, iye ankamva besi ikuyankha m'mutu mwake.

"Abambo ake Grace, mwameza chiyani kodi?" anafunsa Mavis Lachinayi. "Nkhope ngati mwaluma ndimu."

"Ndilume ndi chiyani, poti mano ndilibe?"

Mavis anaseka, akumayesa nthabwala. Kusekako kunamulasa Alufandika kuposa uthenga uja.

Loweruka m'mawa Mavis anavala diresi lake labuluu, natenga chikwama.

"Ndikupita ku Alrode."

Alufandika anadzifunsa chamumtima. Ndiye kuti ngakhale yankho lija silinawaletse?

"Ndikuperekezani," anatero, akumuyang'ana m'maso kuti aone ngati achite mantha.

"Ndimati mungodzaona zinthu zitafika, koma tiyeni. Mukandinyamulireko."

Anakwera matekisi awiri. Anatsikira pa yadi ina yodzaza magalimoto ophwasuka. Wallace anatuluka pansi pa malata ali mu ovololo, mano ake onse ali pamtunda.

"Aa, a Mavis! Ndi amudala omwe! Manje mwadzera chiyani, poti munati wakale uja akufikitsani kumudzi?"

"Ine? Ndinatero liti? Paja tinapangana kutchalitchi kuti ndibwere lero."

Wallace anatulutsa foni yake, namuonetsa. Mavis anawerenga kawiri. Kenaka anapisa m'chikwama natulutsa chinthu chokulunga m'nyuzipepala. Anali lamba wakale uja, yemwe Alufandika adamutaya kuseri kwa chitseko.

"Ameneyu ndiye ndinamujambula," anatero Mavis motsitsa mawu.

Wallace anamulandira, namupinda pa chala. "Onani nokha, amudala. Apa mano anayi palibe, enawa aphwa. Ameneyu akaduka muli pa liwiro, injini yonse mwaika m'manda. Kunali munthu anaitanitsa zonse zatsopano, lamba, pampu ya madzi ndi mapaipi a rediyeta, koma sanabwere kudzatenga. Abwana anati tingozichotsa motchipa. Ndinasungira inu. Nditalandira uthenga uwu, Lachiwiri ndinapatsa a Hussaini a ku Germiston."

Mavis anatembenuka nayang'ana mwamuna wake. Dzanja la Alufandika linali litakwera kale pakamwa.

Wallace anayang'ana dzanjalo, nayang'ananso uthenga uja. Mapewa ake anayamba kugwedezeka.

"Eish! Amudala! Ndiye mumati ine ndimakhala kuno kuwerenga mano anu?"

Anafuna kuseka kwambiri, koma ataona nkhope ya Mavis anameza phwete lakelo, nayamba kupukuta manja omwe anali oyera kale.

"Safunsa adadya phula," anatero Mavis. Sanakweze mawu. "Zaka khumi ndi zitatu, abambo ake Grace. Mpata umenewo ndimauona m'mawa uliwonse. Tsiku lomwe anakumenyani ndinakupukutani magazi ndi chitenje changa ndine. Ndikanafuna wa mano onse, ndikanadikira mpaka Loweruka lino?"

"Mukanandiuza, amake Grace."

"Ndinakuuzani. Munati galimoto yanu si kwaya."

Alufandika anayang'ana pansi, pomwe mafuta akuda anali atanyowetsa dothi. Chomupweteka sichinali manyazi okha. Ngakhale tsopano, m'mene Wallace anapindira lamba uja mwaluso, kansanje kankamutsinabe.

"Zina zotchipa chonchi zingapezekenso liti?" anafunsa, akuyang'ana Wallace.

"Zotere sizigwa kawiri pamwezi. Mwina Januwale, mashopu akatsegulanso."

Mavis anapatsira mwamuna wake foni yake, yomwe ija.

"Poti mumaidziwa bwino, imbani. Grace wauza mudzi wonse kuti abambo ake akubwera akuwongolera okha. Mumuuze nokha kuti akatichingamire pa siteji ya basi."

Anatero n'kuyamba kulowera kugeti, osacheuka.

Alufandika anaima ndi foniyo m'manja. Dzina la Grace linali pamwamba penipeni. Asanalidine, anatola kachikatoni pansi, nabwereka cholembera cha Wallace, nalembapo nambala yake.

"Wina akapezeka, mundiuze ineyo."

"Palibe vuto, amudala. Ndidzalembe kuti chiyani?"

Alufandika anachotsa dzanja pakamwa, mpata uja n'kuonekera wonse.

"Mudzalembe mawu onse, achimwene. Ndipo mudzayambe ndi mawu oti lamba."