Khonde la Nabanda

Isake Kamphinda atabwerako ku migodi ya ku Joni m'chaka cha 1972, anapeza mkazi wake, Nabanda, atafa ziwalo mbali yonse ya kumanja. Mayiyo ankangobindikira m'nyumba, akumvera mawu a anthu odutsa pa njira ya ku Bowe. Mwana wawo Lines ndiye ankamusambitsa ndi kumudyetsa.

"Ndikumangirani khonde, amake Lines," anatero Isake. "Muzionako anthu."

Anapalasa njinga mpaka ku Mponela. M'sitolo ya zomangira anatha theka la tsiku akugogoda malata ndi chala. Achitsulo anawakana, poti amachita dzimbiri msanga. Anasankha a aluminiyamu asanu ndi atatu, oyera mbee, opepuka ngati chikuto cha buku. Mwini sitolo anamuchenjeza kuti ndi ofewa: osawaponda, osawakhoma msomali popanda kalabala kotchinga pansi pa mutu wa msomaliwo.

Mizati anadula ya bulugama, naipaka oyilo wakuda kuti chiswe chisalowe. Timalabala anacheka ku tayala lakutha. Popeza mphepo ya m'mapiri a Dowa ilibe ulemu, anamanga m'mphepete monse ndi waya. Loweruka lililonse ankasesa masamba a mango padengapo, kupukuta ndi nsanza yonyowa, n'kuyesa msomali uliwonse ndi dzanja. M'mawa ankanyamula Nabanda n'kumukhazika pampando pakhondepo. Amayi opita kudambo ankaima kucheza naye, ndipo ngakhale pakamwa pake panali popotoka, anayambanso kuseka.

Chaka chotsatira, mwezi wa Okutobala, kunabwera a Solomoni, tcheyamani wa chipani m'deralo, ali ndi amuna anayi a malaya ofiira.

"Bambo Kamphinda, Loweruka kukubwera alendo akuluakulu. Tikufuna mthunzi pansanja, ndipo udzu ungatichititse manyazi. Malata anuwa akawala bwino."

"Nanga mayiwa akhala pati?"

"Ndi masiku awiri okha. Kapena mukukana?"

Masiku amenewo funso lotero linalibe yankho lachiwiri. Isake anapempha kuti awazule yekha, koma amunawo anali atakwera kale, akuponda ndi nsapato, akukanganula ndi chitsulo. Iye analowetsa mkazi wake m'nyumba kuti asaone.

Lachisanu anapita kubwalo la msonkhano. Anapeza malata ake atakhomedwa pa timitengo tanthete, lililonse misomali inayi yokha. Mtima unamuwawa, ndipo anayankhula mokweza, anthu akumva.

"A tcheyamani, malatawa ndi opepuka. Mukapanda kuwamanga ndi waya, mawa muona zoopsa."

A Solomoni anamuyang'ana nthawi yaitali. "Tamva," anatero.

Loweruka dzuwa linaswa mtengo. Alendo anakhala pansanja, amayi akuvina mozungulira ng'oma. Cha m'ma thuu koloko kamvulumvulu anadzuka m'munda wa fodya, nabwera akutola fumbi ndi mapesi. Isake, amene anaima kumbuyo kwa khamu, anaona lata lakumapeto likutukuka. Anakuwa, koma ng'oma zinameza mawu ake. Latalo linazuka, linadutsa pamwamba pa mitu ya alendo, n'kukatema pakhosi Tereza, mayi wa ana atatu amene ankatsogolera nyimbo. Alendo anathamangira m'magalimoto awo. Tereza anathera m'lole, asanafike kuchipatala.

Kutacha, Landirova inaima pabwalo pa Isake. Munatsika apolisi awiri ndi a Solomoni.

"Ndi awa," anatero a Solomoni. "Ananena okha pamaso pa anthu kuti tiona zoopsa. Anadziwa bwanji?"

"Ndinkanena za mphepo, bwana. Ndinawauza kuti amange ndi waya."

"Munanena kapena simunanene?" anafunsa wapolisi wamkulu.

"Ndinanena, koma..."

"Zotsalazo mukafotokoza kutsogolo."

M'nyumba Nabanda ankayesa kuitana, mawu ake osamveka bwino. Isake anapempha kuti akangomugwira dzanja. Anamukankhira m'galimoto. Anansi anaonerera ali kuseri kwa nkhokwe zawo.

Anakhala m'ndende zaka zitatu ndi miyezi, osaonako bwalo la milandu. Anamutulutsa tsiku lina popanda kumuuza chifukwa, mano akutsogolo atatha, miyendo itatupa. Kumudzi anapeza nyumba itagwa, pamalopo pali nandolo wa munthu wina. Mayi wina anamunong'oneza, maso ali kunjira, kuti Lines anakwatiwa ndi mphunzitsi ku Ntchisi.

Anayenda masiku awiri. Lines atamuona anagwada, nalira mosatulutsa mawu, mwana ali kumbuyo.

"Amayi anatisiya dzinja loyamba lomwelo, bambo. Anasiya kudya. Pamaliro tinalipo anthu asanu ndi awiri. Ena onse ankaopa kuoneka pakhomo pathu."

Isake anakhala pansi, nayang'ana mdzukulu wake amene sankamudziwa dzina. Lines anamupatsa madzi, kenaka anayankhula akuyang'ana pansi.

"Bambo a kunyumba kuno akuti lero mugone. Koma akuopa. Zikamveka kuti muli pano, ntchito iwathera."

"Akunena zoona, mwana wanga. Usadandaule."

M'mawa Lines anamumangira ufa ndi mtedza m'kansalu, namuperekeza mpaka pamtsinje. Isake anawoloka pang'onopang'ono, atatsamira ndodo, nalowera njira ya ku Kasungu, kumene eni minda ya fodya ankalemba aliyense wotha kugwira khasu osafunsa kumene wachokera.