Dzina Limene Linatuluka Pamwamba

Chaka chimene anyamata a mota, njinga zamoto zonyamula anthu, ankaphedwa pa msewu wa ku Zóbuè, anzawo a ku dera la 25 de Setembro anapangana kuti asananyamuke, aliyense azilemba dzina la wokwera pa gulu lawo la pafoni. Sizinathandize. Samito anapezeka m'ngalande mutu utaphwanyidwa ndi nyundo, mota palibe. Anali wachitatu.

Pochoka kumanda, Rogério, mkulu wawo, analunjika kwa mlongo wake Anabela, amene anali atangoyamba kuphunzira kulemba mapulogalama pa komputadolo. Anamuuza kuti atenge mauthenga a akufa atatuwo, aone dzina lobwera kawirikawiri. Anabela anawaika mu fisheru imodzi, fayilo ya pa komputadolo, nalemba timizere tochepa monga anamuphunzitsira kusukulu: ukakumana ndi dzina, onjezera limodzi. Anyamata anadzaza pakhomo, dothi la kumanda lidakali m'miyendo.

Pamwamba panatuluka Policarpo.

Anyamata sanadikirenso. Mota zinalira, wina atakumbatira chigubu cha gazolina, mafuta a mota.

Anabela anatsala akunyadira kuti pulogalama yayenda osakanirira. Kenako anaiyesa pa mauthenga a amoyo. Policarpo pamwamba. Pa a Rogério yemwe, Policarpo. M'pamene anamukumbukira: bambo uja lamba wa makina adamudula mwendo kumgodi, amene ngakhale kokagula mchere amaitana mota.

Anathamanga wopanda nsapato. Anapeza atamukokera kale pabwalo, ndodo zake atazithyola, tayala lili m'khosi, awiri akumuponda m'nthiti. Policarpo ankangowaitana mayina awo mmodzimmodzi, magazi ali tho m'kamwa.

"Achimwene, siyani. Awa amakwera kwa aliyense, ngakhale kwa inu."

"Makina ako aja ayamba kunama?" anatero Rogério. "Suja umatiuza kuti ife ndife mbuli?"

Anabela anati makina sananame, awerenga zimene iye wawafunsa, koma funsolo ndiye linali lopusa. Asanamalize, mbama ya Rogério inamugwetsa. Anakwawa, nakagona pamwamba pa Policarpo, gazolina akulowa m'kapulana, chitenje chake, mpaka kumuwotcha khungu.

"Yatsani," anatero Anabela. "Mukawauze nokha amayi."

Wogwira machesi anayang'ana Rogério. Rogério anayang'ana mlongo wake nthawi yaitali. Kenako analanda bokosilo, nalifinya m'dzanja mpaka timitengo tinathyoka.

Mota zinachoka imodziimodzi. Anabela sanadzuke kufikira yomaliza itazimiririka. Pansi pa chifuwa chake, nthiti za bamboyo zinkakwera, n'kutsika, n'kudikira, n'kukweranso.