Ng'ona Yovala Chipewa

Mandasi anga pa Kamwendo ndinkakulunga m'nyuzipepala zakale za ku Zambia. Ankandibweretsera amuna anga, a Amadi, pochokera ku Chipata kooda sopo. Kuwerenga ine sindidziwa, ndiye ndinkangong'amba basi.

Tsiku lina la msika kunabwera Greyson, mkulu wa ayufi, uja ankatitsekera njira kufuna makhadi a chipani. Munthu wake nkhope ngati wamwa kwinini. Ndinamukulungira awiri msangamsanga kuti achoke. Iye osachoka! Anadyera pomwepo, n'kutambasula pepala lija kuti apukutire zala.

Mayo ine! Panali chithunzi chojambula pamanja: ching'ona chonenepa chitavala chipewa ndi magalasi akuda, litchowa m'mwamba, timiyendo ta anthu tikulendewera kukamwa. Zimenezo sizinkafuna sukulu. Mwini chipewa ndi litchowa tinkamuona pakhoma m'sitolo iliyonse. Ndinachita mantha, ndinaganiza za a Amadi. Ena anatengedwa pa zazing'ono kuposa izi, osabwerako.

Greyson anayang'anitsitsa. Kenaka phwete linamupulumuka, mpaka nyenyeswa kutulukira m'mphuno. Anadzigwira pakamwa, maso n'kugwera pa ine.

"Mayi, mwaona chiyani?"

"Palibe, achimwene. Ndimayang'ana mafuta angawa."

"Ndatsamwa ine."

"Eya, alerowa auma. Ndikupatseni madzi?"

Anapinda pepala, kuponya m'thumba, ulendo.

Kunyumba tinatentha mapepala onse. A Amadi anati, "Usade nkhawa, iyenso waseka. Akatinenera, timunenera." Ine mtima sunakhale pansi. Masiku otsatirawo ndikangoti ndicheze ndi wogula, Greyson uyo ali chilili paseri pa golosale, kuyang'ana milomo yanga. Ankandiopa, ndipo zimenezo ndi zomwe zinkandisowetsa tulo.

Lachisanu, a Amadi akuvala mkanjo kuti azipita kumzikiti, landirova ya polisi inaima pakhomo. Kumbuyo kunatsika Greyson, pepala lamafuta lija lili m'manja. Anawakweza a Amadi osawalola n'kuvala nsapato komwe.

Ndinakuwa, "Galu ameneyu anaseka! Ndinamuona ndi maso angawa!"

Wapolisi wamkulu anandiyandikira mosapupuluma, n'kunditambasulira chithunzi chija pamaso.

"Anaseka chiyani, mayi? Tatiuzani bwinobwino. Inuyo mukuonapo ndani apa?"

Ana anga anali atakangamira chitenje changa, wamng'ono akulira kumsana. A Amadi ankandiyang'ana kudzera m'waya wa galimoto, n'kupukusa mutu pang'onopang'ono.

"Ng'ona, bwana," ndinatero. "Ng'ona chabe."