Rauta Yoyera ya a Sabiti

Loweruka lililonse ikamakwana 2 koloko masana, Amira ankatseka kasitolo kake ka fotokope pa Njuli n'kupita kunyumba kukayatsa laputopu. Anthu atatu ankakhala akumudikira: Eluby, namwino ku Mzuzu, Mathero, mphunzitsi ku Dedza, ndi mlongo wake wamng'ono Bilal, yemwe anali ku Durban. Ankasewera masewera a nthano. Amira ankajambula mapu a dziko lopeka n'kumafotokoza zomwe zikuchitika, ndipo aliyense wa enawo anali ndi munthu wake m'nthanomo, n'kumaponya dayisi kuti aone ngati chomwe akufuna kuchita chitheke. Anayamba kale ali kukoleji ku Blantyre, patebulo lenileni ndi mapepala, ndipo Bilal anaphunzirira panyumba nthawi ya holide. Atabalalika, tebulolo linasamukira mu laputopu ya Amira. Enawo ankalowa pa intaneti kudzera pa khomo limodzi lomwe iye anatsegula mu rauta, kabokosi kobweretsa intaneti m'nyumba. Khomolo a makompyuta amati poti, nambala yake 30000.

Loweruka limeneli anali atangofika kuchokera ku Namitambo, komwe anakhala masiku anayi pamaliro a azakhali ake. Anayatsa laputopu, mapu anatseguka bwinobwino. Kenako mauthenga anayamba kugwa pafoni. Eluby analemba kuti sizikulowa. Mathero anati nayenso chimodzimodzi. Bilal anangotumiza chizindikiro cha funso.

Amira anayang'ana pashelefu. Rauta yakuda ija panalibe. Pamalo pake panali ina yoyera, ya tinyanga tiwiri.

"Bambo a Laila!"

A Sabiti, amuna ake, anali pakhonde akusoka matumba a nandolo. Analowa akumwetulira, singano ili m'manja.

"Mwaiona eti? Anabwera Lachitatu anthu a kampani ina. Iyi ndiye ikuthamanga, osati nkhono ija."

"Yakale ili kuti?"

"Ndinakabweza. Ndinathetsa zonse."

"Munandifunsa?"

"Munali pamaliro, mayi a Laila. Ndikanakuimbirani pamaliro kukufunsani za intaneti?"

"Mukanadikira ndibwere. Ikanawola ngati tomato?"

"Ndinawafunsa ngati masewera amatheka. Anati onse amatheka."

"Masewera ati? Munawauza kuti ndi masewera ati? Inu mumadziwa chomwe ndimachita pano Loweruka, kapena mumangoona mkazi akuyankhula ndi laputopu?"

A Sabiti anaona nkhope yake, nabwerera ku matumba awo.

Chomwe chinkamutentha Amira sichinali masewera okha. Chaka chathachi Bilal anachotsedwa ntchito yowotcherera zitsulo, ndipo kuyambira pamenepo anasiya kuyankha mafoni. Ukamufunsa kuti ali bwanji ankangolemba kuti bho. Koma Loweruka ankalowa osachedwa, n'kuyankhula maola atatu ngati mlenje wake wa m'nthanomo, kuseka, kukangana ndi Mathero za dayisi. Amira ankamvetsera mawu akewo kuti adziwe ngati akudya, ngati akutsokomola, ngati kumene akukhala kuli anthu.

Analembera gulu kuti adikire pang'ono. Anatembenuza rauta yatsopanoyo, nawerenga pasiwedi yolembedwa kunsi kwake, n'kulowa. Anapeza pamalo potsegulira makomo, nalemba 30000 n'kuloza ku laputopu yake, monga anachitira zaka zitatu zapitazo ndi yakale ija. Kenako anapita pa tsamba lina lomwe limayesa ngati khomo latseguka. Linayankha ndi zilembo zofiira kuti latsekedwa. Anazimitsa rauta n'kuyatsanso. Latsekedwa. Anathimitsa chitetezo cha mu laputopu. Latsekedwa. Anayesa nambala ina, anayesa kulumikiza ndi waya, anafafaniza zonse n'kuyambiranso. Pofika nthawi ya swala ya Asiri, dzuwa litapendeka, Eluby anali atapita kuntchito, ndipo Bilal sanalembenso kanthu.

Lolemba m'mawa anaimbira kampani yatsopanoyo ali m'sitolo. Nyimbo inalira mphindi makumi awiri, kenako kunayankha mtsikana wa mawu ofewa.

"Mwayesa kuzimitsa n'kuyatsanso?"

"Kasanu ndi kawiri."

"Nanga WhatsApp ikutheka?"

"Achemwali, sindinaimbe za WhatsApp. Ndatsegula khomo mu rauta koma anthu akunja sakulowa."

Kunamveka kutayipa.

"Akauntiyi ndi ya a Sabiti Hamadi. Bambowo alipo? Sitingakambe ndi munthu wina."

"Bambowo sadziwa kuti poti n'chiyani. Akamva mawuwa aganiza za poto wophikira."

"Pepani mayi, ndi malamulo athu."

Amira anadula foni, namenya chivindikiro cha makina a fotokope mpaka mayi wina yemwe ankadikira mapepala a kusukulu anabwerera m'mbuyo. Madzulo anawagwira a Sabiti asanavule nsapato, nawaimbitsa okha, iye akuwauza zonena liwu ndi liwu. Kampani inalonjeza kutumiza munthu.

Munthuyo asanabwere, Amira anali ataona kanthu kena. Adiresi ya pa intaneti yomwe rauta inkati ndi yake inkayamba ndi 100. Koma tsamba loyesera lija linkaonetsa adiresi ina, yosiyana kotheratu. Pa rauta yakale ziwirizi zinkafanana. Anazilemba zonse papepala n'kulimata pakhoma.

Lachinayi kunabwera bambo wina panjinga yamoto, dzina lake Denis, atavala jekete ya kampani. Anapereka moni kwa a Sabiti, nawafunsa vuto. A Sabiti analoza mkazi wawo. Denis anatulutsa foni, natsegula vidiyo ya nyimbo, n'kuikweza m'mwamba kuti onse aone.

"Mwaona? Sikudukaduka. Intaneti ili bwino iyi."

"Sindinati ikudukaduka."

"Ndiye vuto ndi laputopuyo. Masewerawa, mayi, amabweretsa mavairasi. Muwaletse ana."

"Mwana wanga ali ndi zaka zinayi. Wosewera ndi ine." Amira anamatula pepala pakhoma n'kumuika m'manja. "Werengani. Iyi ndi ya mu rauta, iyi ndi yomwe akuiona akunja. Zikusiyaniranji?"

Denis anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Anati zimatero nthawi zina. Amira anamufunsa kuti nthawi ziti. Anati akafunsa ku ofesi. Amira anaima pakhomo n'kumuuza kuti afunse pompo, iye akumva. Denis anayang'ana kwa a Sabiti, koma a Sabiti ankayang'ana kudenga. Denis anaimba, nakweza mawu a foni.

Bwana wake sanazungulire. "Zoona, mayi. Nyumba mazana angapo zimatulukira pa adiresi imodzi. Inu kutuluka mumatuluka, koma wochokera kunja sangakupezeni. Ngakhale mutsegule chotani mu rauta, sizitheka."

"Ndiye masiku onsewa ndakhala ndikutsegula chitseko cha kuchipinda, geti la mpanda muli mutakhoma inu?"

"Tingatero."

"Nanga amene anabwera kudzagulitsa uja bwanji anati zonse zimatheka?"

"Ambiri safunsa zimenezi. Adiresi yanuyanu timapereka kwa a bizinesi ndi maofesi okha."

Denis ananyamuka osamwa madzi omwe anamuikira.

Tsiku lotsatira a Sabiti atachoka kumzikiti ku swala ya Juma sanabwere kunyumba. Anakwera minibasi kupita ku Limbe, ku kampani yakale ija, kukapempha kuti awabwezeretse. Anabwera madzulo manja ali lende. Kumeneko anali atawauza kuti olembetsa tsopano onse akuwaika pa adiresi yogawana, ndipo yakale ija inali ya anthu omwe analembetsa kalekale. Poti anathetsa okha, ndiye kuti yapita.

"Ndiye mwataya chinthu chomwe sichingapezekenso," anatero Amira.

"Ndayesa, mayi a Laila."

"Mwayesa lero. Lachitatu lija simunayese ngakhale kuganiza. Ine nandolo zanu ndinayamba ndagulitsapo inu mulibe? Ndinayamba ndasinthapo sikelo yanu chifukwa wina wandiuza kuti yake ndi yokongola?"

"Ndi masewera basi, mwafika nawo patali."

"Ndi mlongo wanga!" Anakuwa mpaka Laila anayamba kulira kuchipinda. "Mwana uja ali yekha kudziko la eni. Sayankha amayi, sayankha ine. Malo amodzi okha omwe ndimamumva mawu, inu mwakabweza pa kauntala ngati botolo la Fanta!"

A Sabiti anakanyamula mwana n'kutuluka naye panja.

Loweruka lachiwiri linadutsa popanda masewera. Mathero anayesa kuti ayendetse masewerawo kuchokera ku Dedza, koma kwake kunalinso kotseka chimodzimodzi. Bilal analemba mawu awiri, "Zisiyeni basi," n'kutuluka m'gulu. Amira anamuimbira kasanu, sanayankhe. Lamulungu foni yake inali yozima. Lolemba inali yozimabe. Amira sanathenso kupirira, anapita kwa amayi awo n'kuwauza zonse, za ntchito yomwe inatha ndi za foni yozima. Amayi anaimbira munthu wina wa ku Kadewere yemwe amagulitsa zovala ku Durban, kuti akamufufuze.

Lachiwiri Amira sanatsegule sitolo. Anatenga chiphaso cha bizinesi yake, chiphaso cha unzika, ndi pepala la maadiresi lija. Anawauza a Sabiti kuti avale, akupita limodzi ku Limbe. Ku ofesi ya kampani yatsopanoyo anaima pamzere ola lathunthu, ndipo atafika kutsogolo, mnzake wa Denis wa pa kauntala anayamba ndi funso la kuzimitsa n'kuyatsanso.

"Musayerekeze," anatero Amira. Anayala mapepala pa kauntala. "Awa ndi a Sabiti, eni akaunti. Abwera kudzasainira kuti ichoke m'dzina lawo ilowe m'dzina la sitolo yanga. Ichi ndi chiphaso cha bizinesi. Ndikufuna adiresi yangayanga."

"Zimenezo amapanga bwana, ndipo ali pa msonkhano."

"Ndidikira. Ndipo aliyense wolowa pakhomopo ndizimuuza zomwe ogulitsa anu sanena."

Anakhaladi pampando wa pafupi ndi khomo. Atalowa bambo wina kudzafunsa za intaneti ya makamera a pa golosale yake, Amira anamuyankhula mokweza kuti afunse kaye ngati angamaone makamerawo ali kutali. Bamboyo anafunsadi. Pasanathe mphindi khumi msonkhano wa bwana uja unatha.

Anasaina mafomu anayi. A kampani anamuuza Amira kuti rauta iyenera kukhala kusitolo, komwe kwalembedwa pachiphaso, ndipo zitheka pakatha masiku atatu. Potuluka a Sabiti anamugulira chimanga chootcha pa siteji. Anachilandira, koma anadya osawayang'ana.

Lachisanu masana, rauta ili pamwamba pa kabati ya mapepala m'sitolo, adiresi inasintha. Ziwiri zija zinafanana. Amira analembanso 30000, natsegula tsamba loyesera. Zilembo zinabwera zobiriwira. Anatumiza adiresi yatsopano kwa Eluby ndi Mathero, ndi kwa Bilal payekha, ngakhale uthenga wake sunaonetse kuti wafika.

Loweruka anakhoma chitseko cha sitolo iye ali m'kati. Eluby analowa, Mathero analowa. Anadikira theka la ola akucheza za ziii. Amira anali atayamba kunena kuti angoyamba awiriwo pamene dzina la Bilal linaoneka pakona.

"Achemwali."

"Iwe Bilal! Unali kuti?"

"Munawauziranji amayi?"

"Foni yako inali yozima masiku..."

"Inagwa m'madzi! Ndimatsuka magalimoto tsopano, inagwa mu ndowa. Inu mwanditumizira mdala wa ku Kadewere kudzagogoda pakhomo pa eni nyumba, kufunsa ngati ndili moyo. Pano aliyense wa kwathu kuno akudziwa kuti ntchito inatha. Amayi akulira pafoni, akuti ndibwere ndizidzalima. Ndinakuuzani kuti musawauze!"

"Ukanayankha! Chaka chathunthu ukundilembera bho, bho, bho. Ndine chitsiru ine? Ndakangana ndi alamu ako, ndatukwanizana ndi kampani yonse, ndasamutsa rauta m'nyumba chifukwa cha iwe."

"Ndani anakutumani?"

"Palibe! Ndiye vuto lake limenelo, palibe amene amandituma, ndimangovutika ndekha!"

Anakangana mphindi makumi awiri. Bilal ananena za lendi ya chipinda chomwe amagona anthu atatu, za manja omwe asuwa ndi sopo, za manyazi obwerera kumudzi ndi chikwama chokha. Amira sanamunyengerere. Anamuuza kuti ndi wodzikonda, kuti amayi akukalamba, kuti akadzazimitsanso foni osanena adzamutumizira anthu khumi. Eluby ndi Mathero sanatuluke.

Onse atatopa, Eluby anatsokomola. "Abale, ine 5 koloko ndikulowa ntchito. Tisewera kapena ayi?"

"Tisewere," anatero Bilal, mawu akadali olimba. "Koma nkhani ya amayiyi sinathe, achemwali."

"Sinathedi. Uwaimbire mawa, apo ayi ndikawauzanso za magalimoto." Amira anakoka mapu n'kuwaika pakati. "Muli pamlatho wothyoka, madzi akukwera. Mathero, yamba ndiwe."