Alamu Anga Ataswa Kalilole

Mumsewu mwathu ankamutcha Lumo, chifukwa pometa tsitsi panalibe womuposa. Ine ndinakwatira mlongo wake, ndiye ufulu womuputa ndinali nawo. Ndinkati, "Alamu, mutu wangawu mukuumeta ngati mukulima munda wa eni." Iye ankangoti, "Vuto si makina, alamu. Vuto ndi zitunda za m'mutu mwanumu."

Matenda anabwera mwakachetechete. Nthabwala zinatha, kenako tulo. Wailesi ya mushopu ankaizimitsa, ati ikumujeda. Ife tinkati ndi kutopa chabe. Tsiku lina masana, akumeta mphunzitsi wina wopuma pantchito, anaima n'kuyang'anitsitsa kalilole wamkulu wapakhoma. Ananyamula benchi n'kumuswa. Galasi linacheka mphunzitsiyo pamkono, anthu n'kuitana apolisi.

Ndinakamupeza kupolisi atakhala pasimenti, lamba ndi zingwe za nsapato atamulanda. Tsitsi la imvi la mphunzitsi uja linali likadali pamalaya ake.

"Alamu," ananong'ona, "munali munthu m'kalilolemo. Amafuna kutuluka kuti awagwire aphunzitsi."

Ndinangomupukuta tsitsilo.

Wapolisi wapakauntala, mayi wa mawu okhuthala, anandikokera pambali. "Bambo, mlandu ulipo, sindikubisirani. Koma uyu ndikamuponya m'chitokosi muja, adzatuluka zitaipiratu. Ndaimbira namwino wa matenda a maganizo. Akamuona, tikapempha khoti kuti apite kuchipatala m'malo mwa ndende. Kungoti odandaula nawonso ayenera kumvedwa."

Namwinoyo atafika sanafune mpando. Anakhala pasimenti pomwepo, n'kufunsa, "Achimwene, munagona liti komaliza?" Lumo anaganiza nthawi yaitali, kenako anayamba kulira. Usiku umenewo anagona kuchipatala, wapolisi ali pakhomo.

Kukhoti mwini shopu yomwe Lumo ankagwiramo ntchito anabwera atakwiya, koma woweruza atamufunsa chomwe akufuna, anakanda m'mutu. "Bwana, ndende sindikonzera kalilole. Alamu akewa alonjeza kundiikira wina. Basi."

Mphunzitsi uja anaimirira, mkono uli ndi bandeji. "Munthuyu wandimeta kuyambira tsitsi langa lili lakuda, sanandichekepo ngakhale khutu. Amene anandivulazayo sindikumudziwa. Mumuchize, andibwezere wometa wanga."

Woweruza analamula kuti Lumo alandire chithandizo, ndipo dokotala azidziwitsa khoti mmene akupezera. Akathawa mankhwala, mlandu udzadzuka.

Sizinayende myaa. Masabata oyamba Lumo ankatitembenukira msana tikapita kukamuona, ati tinamugulitsa. Mkazi wanga ankasiya chakudya pakabati, n'kukalirira m'khonde. Kenako mankhwala anayamba kumunjenjemeretsa manja. Anawatambasula pamaso pa mlongo wakeyo. "Taona. Ndani angakhale pampando wanga ndi manja awa?"

Mkazi wanga anawagwira onse awiri. "Achimwene, manja amenewa anandilera mayi atamwalira. Anjenjemere, asanjenjemere, ndi omwewa."

Tinamuuza dokotala, iye anasintha mankhwala, kunjenjemera kunachepa ngakhale sikunatheretu. Lumo atatuluka m'chipatala anabwera kudzakhala kwathu, m'chipinda chomwe tinkasungamo njinga. M'mawa uliwonse mkazi wanga ankaika piritsi pambali pa kapu ya tiyi, Lumo n'kumamwa. Khoti linadzatseka mlandu. Mwini shopu anamulola kubwerera, poyamba kungosesa ndi kutsuka makina, kenako kumeta ana.

Kuchipatala ankapitabe mwezi ndi mwezi, ine ndikumuperekeza. Tsiku lina ndikuvala nsapato, anandigwira paphewa.

"Alamu, khalani. Lero ndipita ndekha."

Ndinayang'ana mkazi wanga. Iye anangoti, "Muyende bwino, achimwene. Khadi mwatenga?"

"Ndatenga, mayi wapolisi," anatero akumwetulira.

Anatuluka, malaya atapisira bwinobwino, n'kukhota pakona osacheuka. Mkazi wanga anatenga tsache n'kuyamba kusesa pageti. Anasesa malo omwewo mpaka dzuwa linafika pamutu, ine osayerekeza kumuuza kuti payera. Lumo atatulukira, m'dzanja limodzi muli kathumba ka mankhwala, lina buledi, mkazi wanga anaponya tsachelo pansi n'kuthamangira m'nyumba kukatereka madzi, kuti mchimwene wake asamuone m'maso.